Mamegabaiti Awiri

Ofesi ya penshoni yati: musabwere, tumizani.
Ndiye ndawayala bambo anga pathebulo, tsamba ndi tsamba,
kuno ku Kalingalinga, malaiti atapita kuyambira sikisi,
foni ya mayi ikuunika, yanga ikujambula:
reji yawo ya nkhope yaunyamata,
kalata yowalemba ntchito ku khansolo,
mapepala a malipiro odyedwa ndi mphemvu m'makona,
ndi lija la kuchipatala chachikulu,
lolembedwa ndi dokotala wothamanga,
lotchula dzina la chimene chinawatenga.

Zonse pamodzi, mamegabaiti khumi ndi asanu ndi anayi.
Khomo likuti awiri basi.
Ndikakankha limabweza ndi zilembo zofiira,
ngati kondakitala wa basi ya ku Mtendere:
"Amayi, thumbalo silikwera."

Masana, Kabaso wa pakantemba ka intaneti anati,
"Bweretsani fulashi, sisi, faifi kwacha chabe,
ndiiponya kwinakwake, fayilo ibwera itaonda."
Ndinafunsa: ikaponyedwa, imakagona kuti?
Anaseka, naloza kudenga.
Pakompyuta yake panali za anthu zili mbwee,
satifiketi ya wina, chisudzulo cha wina,
chithunzi cha mwana wa a Daka amene timapemphera nawo.
Fulashi ndinaibweza m'chikwama.
Zipupa za mabuloko kuno zili ndi makutu.
Bambo anabisa matenda awo zaka zisanu ndi ziwiri,
mapiritsi m'chitini cha polishi ya nsapato;
ine ndiwavule pamsika, ndilipirenso faifi kwacha?

Ndazima data. Foni yatseka pakamwa.
Ntchito ichitikire m'dzanja lomweli.

Ndayamba ndi kudula m'mphepete.
Maluwa a nsalu ya pathebulo achoke,
chala changa chachikulu chimene chinasuzumira m'chithunzi,
mthunzi wa kapu ya tiyi.
Khumi ndi atatu.
Ndachotsa mitundu:
chidindo chabuluu cha khansolo chasanduka phulusa,
inki yobiriwira ya bwana wawo yazilala.
Asanu ndi awiri.
Foni yafunsa, tifinye pang'ono kapena kwambiri?
Ndati kwambiri.

Limodzi lokha! Nthungululu inafika pakhosi.
Koma nditatambasula tsamba ndi zala ziwiri
nambala ya reji yasungunuka,
eyiti wafanana ndi firii,
dzina lakuti Wedisoni Njobvu lachita nkhungu
monga ankaonekera mwini wake sabata yomaliza ija.
Ayi. Kuonda kotere ndinakuona kale.
Ndabwerera m'mbuyo.

"Tikambenji, batire," atero mayi.
Yatsala naini.
Jenereta ya pabala la kuseri ikutsokomola,
udzudzu wapeza akakolo anga.
Ndafinyanso, mwaulemu tsopano,
mmene tinapindira jekete lawo kuti likwane m'sutikesi,
osathyola kolala.

Limodzi ndi theka, ndi kanyenyeswa pamwamba.
Ndikuyendera mzere uliwonse ngati wopalira:
deti ilipo, chidindo chikuwerengeka,
siginecha yawo ikadali ndi mchira wake wautali uja
umene unkadutsa malire a lipoti langa la kusukulu.
Ndipo mawu a dokotala alipo, osabisika,
kwa amene ayenera kuwawerenga, iye yekha.

Ndayatsa data, khomo limodzi, mphindi imodzi.
Kampira kazungulira, kazungulira, kaima,
kazunguliranso.
Talandira.

Mayi afunsa, "Apita onse?"
Ndati apita opepukawo.
Olemera aja, a maluwa a nsalu ndi chala changa,
atsala muno, ndawatsekera ndi nambala
imene sindinauze ngakhale mlongo wanga.
Mapepala enieni tawabweza mu envelopu ya khaki.
Mayi aigwira kanthawi, ngati akuyesa kulemera kwake,
kenako aiika pamwamba pa wadiropu,
pafupi ndi chitini chija.

Malaiti abwera cha m'ma thuu koloko.
Firiji yadzuka ndi kubuula,
babu la pakhonde layaka lokha,
latipeza tonse awiri tili maso.